Woimirira Kumapeto kwa Chingwe

A Nangula anadziona pakhoma tsiku lina m'mawa, ndipo sanakondwe ngakhale pang'ono.

Khomalo linali lalitali, lomangidwa m'mbali mwa doko kuti mafunde a nyanja yamchere asamakwere kumsewu. Linakhala lotuwa zaka zambiri, ana asukulu akulembapo zamwano, mpaka oyang'anira doko anaitana mayi wina wojambula kuti aikepo moyo wa asodzi akale. Mayiyo anayambira kumsika n'kumatsika. Anajambula amisiri akusema bwato, amayi akuyanika nsomba, mabwato a matanga akulowa m'madzi. Kunatsala chigawo chimodzi chokha, chakumapeto, moyang'anizana ndi mtengo umene a Nangula ankawakhazikapo m'mawa kuti apitidwe mphepo.

Ndikuti ankawakhazika, chifukwa munthu wa pampando wamateyala sakhala yekha. Sitiroko inawagwira chaka chathachi. Dzanja lamanzere linafa, mwendo wa mbali yomweyo ankachita kuukhwekhwereza, pakamwa panapotoka, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi movutikira. Mwana wawo wamkazi, nesi wa pachipatala, anawatengera kunyumba kwake. Popita kuntchito ankawasiya pansi pa mtengowo, ndipo mlamu wawo ankabwera kudzawabweza dzuwa likayamba kuwawa.

Pachigawo chotsalacho panali mizere ya makala, utoto usanalowe. Inali nkhalamba itakhala pamwala, ukonde uli pamiyendo, ikuyang'ana kunyanja ngati munthu wodikira basi yomwe inadutsa kale. Mpando wamateyala sanaujambule. Kukoma mtima kumeneko ndi kumene kunawawawa kwambiri.

Pajatu dzina lakuti Nangula sanalitole panjira. Kale pagombe limeneli ankakoka khoka, ukonde waukulu uja woponya ndi bwato n'kuukokera kumtunda ndi chingwe. Okoka ankamanga lamba m'chiuno, kumukoletsa kuchingwe, n'kumabwerera chambuyo. Womaliza kumapeto kwa chingwe ndiye ankasenza kulemera konse anzake akamasintha phazi, ndiponso ndiye ankaitana mawu okokera. Malo amenewo anali awo. Funde likalanda khoka ena ankatsetsereka, iwo ayi.

Anakodola wojambulayo ndi dzanja lamoyo. Anali mayi wamfupi, wa ovolosi yothimbirira utoto, wosadziwa kunyengerera munthu.

"Mayi, ameneyu ndani?"

"Ndinu, agogo."

"Ine si agogo anu. Fufutani."

Mayiyo anapukuta manja. "Chiyambireni ntchito ndakhala ndikukuonani chikhalire pamenepa, bambo. Ndajambula chimene ndaona."

"Ine ndinkakoka khoka. Mundijambule ndikukoka."

"Khoka sindinalionepo likukokedwa. Masiku ano aliyense ali ndi injini. Ndipo ine zongomva sindijambula, dzanja langali lilibe makutu. Osema bwato aja ndinakhala nawo. Mabwato a matanga ndinachita kuwalondola kutali komwe akadalipo. Ndikaona mukukoka, ndijambula mukukoka. Ndikapanda kuona, Loweruka ndipaka utoto pa chimene chilipochi."

Ananena mopanda chipongwe, ndipo n'zimene zinapangitsa kuti a Nangula asowe pomugwira. Utoto ukalowa, akhala pansi mpaka kalekale, adzukulu akudutsa, alendo akujambulitsa zithunzi, onse akudziwa kuti pagombe pano panali nkhalamba yomvetsa chisoni. Anachita mantha, mantha enieni, oposa a tsiku lija anadzuka n'kupeza dzanja lisakuwamvera.

Madzulo anamuuza mwana wawo. Nesiyo anali akuwerengera mapiritsi m'kambale, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Ayi, Bambo."

"Sunamve n'komwe."

"Ndamva. Mukufuna mukaime pamchenga, mwendo umodzi, chingwe m'chiuno. Mukagwa n'kuthyoka chiuno, wodzakutembenuzani pabedi ndine, osati khomalo. Ndimawaona kuchipatala anthu a msinkhu wanu. Ambiri sadzukanso."

Sankanama. Ndiye vuto la kuphunzitsa mwana unesi limenelo, amakutsutsa ndi zoona. Ndi iye amene anakhomeretsa chitsulo chogwirira m'khoma kuchokera kuchipinda mpaka kubafa, ndi iye amene anachotsa kapeti pabalaza kuti phazi lisakodwe. Chikondi chake chinali cha munthu wotseka zitseko zonse. A Nangula anameza mapiritsi, n'kungoti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwanawe."

M'mawa mwake anakana kupita kumtengo, akuti mutu. Nesi atangotuluka, anadziguza potsata chitsulo chija mpaka kubafa, n'kutenga thaulo lalikulu. Anafika nalo pawindo la pabalaza, nalilowetsa kuzitsulo zotchinga akuba, nalizunguliza m'chiuno. Mfundo anamanga ndi dzanja limodzi ndi mano, monga amamangira msodzi amene dzanja lina lagwira nkhafi. Kenako anasiya ndodo, natsamira chambuyo.

Thaulo linawagwira. Anadikira kuti mwendo wakufawo upindike, koma sunapindike. Unangouma gwa, ngati mzati wochirikiza nthochi. Anatsamiranso kwambiri, msana unakumbukira, chiuno chinakumbukira. Apa ndi pamene anazindikira chinthu chimene anachidziwa moyo wawo wonse osachiganizira, chakuti khoka sakoka ndi manja. Manja amangogwira kuti chingwe chisagwedere. Chokoka ndi kulemera kwa munthu, ndipo kulemera kwawo sitiroko sinakuchotse.

Nesi anabwerera masana kudzaona mutu uja. Anawapeza ali lende pawindo, thukuta lili kamukamu, zitsulo zikulira. Anaima pakhomo, chikwama chili m'manja.

"Mutu wake ndi umenewu?"

"Wachira."

Anawamasula mwakachetechete, nawakhazika pansi, nawagwira mtsempha wa padzanja kwa nthawi yaitali. Maso ake anali atafiira. "Ndikakuletsani, mudzapita ine ndili kuntchito," anatero. "Ndiye bola ndikhalepo. Koma ndikati basi, ndi basi."

Wosonkhanitsa anthu anali mlamu wawo uja, mchimwene wa malemu akazi awo. Nayenso anali wokoka khoka, koma khoka litatha anatsekula kachipinda kometera kuseri kwa msika, ndiye anthu ankangoti a Lumo. Munali mpando umodzi wozungulira, galasi losweka pakona, ndi benchi yomwe pankakhala anthu ambiri opanda tsitsi loti n'kumeta. A Nangula atafotokoza, a Lumo anaseka mpaka anazimitsa makina.

"Alamu, inu kupita kubafa mumachita kupempha chilolezo. Lero mwati mukoke nyanja?"

"Inu munkakoka muli ndi miyendo iwiri, koma khoka silinkadziwa kuti mulipo."

"Ndinkasunga mphamvu."

"Ndiye zilipo zambiri. Bwerani nazo."

A Lumo anayenda tauni yonse. Anakapeza wina akulondera sitolo ya mateyala, wina akugulitsa ayisi, wina atakhala mkulu wa mpingo wovala tayi ngakhale Lachiwiri. Ena anali atamwalira, ndipo a Lumo ankamva nkhaniyo ali pakhomo. Otsalawo anavomera onse, ena chifukwa chokonda a Nangula, ena chifukwa chomva kuti khomalo likhalapo zaka zambiri ndipo nkhope zawo zikadali zabwino.

Lachisanu m'mawa, madzi ataphwera, anakumana kumunsi kwa khoma. Chingwe anabwereka kwa anyamata a maboti a injini, malamba anadula m'matumba akale. Wojambula anakhala pachidebe cha utoto, pepala lalikulu lili pamiyendo, makala ali m'manja. Nesi anakankha mpando mpaka pomwe mateyala anatitimira, kenako a Nangula anadzuka, nayenda ndi ndodo kukafika kumapeto kwa chingwe. Anthu a kumsika anali atayamba kale kudzaza pamwamba pa khoma.

Khoka panalibe, ndiye a Lumo anamangirira chingwe kuchitsulo chokochezera maboti. Nkhalambazo zinakoletsa malamba, zinatsamira, zinakwinya nkhope mochititsa mantha. Mkulu wa mpingo anafika potulutsa mano. Wojambula anayang'ana kwa kanthawi, n'kuika makala pansi.

"Mukunama," anatero.

"Tikunama bwanji, mayi, thukuta simukuliona?" anafunsa a Lumo.

"Nkhope zikukoka, misana ikupuma. Msana sunama."

A Nangula anadziwa kuti mayiyo akunena zoona. Chinthu chosasuntha sichikokedwa, chimangotsamiridwa. Khoka limakana, kenako limalola pang'ono, kenako limakananso, ndipo thupi la wokoka limakhala likufunsana nalo. Anayang'ana uku ndi uku. Chapansi pang'ono, pamchenga wonyowa, panali boti lakale lopanda mwini, litakwiririka mpaka theka, m'kati modzaza mchenga ndi madzi. Analoza ndi chibwano.

"Lija."

"Bambo," anatero nesi.

"Sunati basi."

Nesi anawasiya. Anyamata a maboti anabwera ndi mafosholo, nakumba m'mbali mwa botilo, namangirira chingwe kumphuno kwake. Anafuna kuthandiza kukoka, koma a Lumo anawathamangitsa, akuti akayambe amera imvi.

Anakoka koyamba, boti osagwedezeka. Anakokanso, chimodzimodzi. A Nangula anali kumapeto, lamba atawadya m'chiuno, zidendene zitalowa mumchenga, ndipo anamva m'chingwemo chimene chinkalakwika. Aliyense ankakoka nthawi yakeyake. Choipa kwambiri, aliyense ankakoka akucheuka. Wa ayisi ankacheuka, mlonda ankacheuka, a Lumo ndiye khosi linali litatsala pang'ono kupotoka. Onse ankasunga theka la mphamvu kuti mnzawo akagwa athamange. Sanabwere kudzakoka, anali atabwera kudzazonda wodwala.

Mtima unawapsa. Anafuna kuitana mawu akale aja, amene ankadzutsa gombe lonse, koma lilime linakana. Mawuwo analipo m'mutu, onse, koma pakamwa anangounjikana osatuluka. Pamwamba pa khoma wina anaseka pang'ono, wina namuletsa. Wojambula anali atagwira makala koma dzanja lili phee.

Ndiye anasiya kulimbana ndi mawu. Anakoka mpweya mpaka pansi pa mimba, natulutsa chimene chinatsala, kubuula kwakukulu kopanda liwu lililonse m'kati mwake, kotalika poyamba, kodukiza pamapeto. Kanali kayendedwe komwe kaja ka kale. Misana ya nkhalambazo inakazindikira makutu asanamve. Makosi anatembenukira kunyanja okha.

Anabuulanso, ndipo anzawo anayankha, mawu okalamba, osasa, koma pamodzi. Chingwe chinadzuka mumchenga, chinawongoka, madzi anayamba kudontha m'menemo. Podukiza paja onse anagwetsera matupi chambuyo nthawi imodzi. Boti linalira pansi pake.

Kuchokera apo panalibenso wocheuka. Iwo ankaitana, anzawo ankayankha, phazi limodzi chambuyo, kenako kugwira. Pogwirapo kulemera konse kunkabwera kwa iwo, monga kale, kudutsa m'malamba onsewo mpaka m'chiuno mwawo. Mwendo wamoyo unkanjenjemera, wakufawo unali njii. Dzanja lamanzere linkangolendewera pambali, osathandiza kanthu, koma panalibe amene analifunsa. Anamva chimwemwe choopsa, chofuna kuwaliritsa. Boti linalola pang'ono, linakana, linalolanso. Pamwamba pa khoma amayi a kumsika anali atayamba kuyankha nawo.

Kenako mchenga unalisiya botilo kamodzin'kamodzi. Linatsetsereka, chingwe chinakhwefuka, ndipo mzere wonse unagwa chagada. Mkulu wa mpingo anagwera wa ayisi, mlonda anagwera a Lumo, miyendo ili m'mwamba. A Nangula nawo anagwa, mutu wawo n'kufikira pamiyendo ya nesi. Anagona pomwepo akuyang'ana kumwamba, chifuwa chikukwera n'kutsika, gombe lonse likuomba m'manja ndi kuimba mluzu.

"Mukumva kuwawa pati? Bambo, yankhulani."

Iwo ankaseka. Chaka chonse akagwa ankagwa okha, anthu n'kuthamanga ndi nkhope za maliro. Lero anagwa pagulu, mofanana ndi amuna anzawo, ndipo amene ankabuula kwambiri anali a Lumo. Nesi anawapapasa chiuno, bondo, nthiti, napeza zonse zili m'malo. "Basi," anatero. "Tsopano ndati basi."

Wojambula manja anali bii mpaka m'zigongono. Mapepala anali mbwee pamchenga, atawatsendereza ndi miyala. A Nangula anafuna kusuzumira, koma mayiyo anawatembenuza. "Pitani kwanu, mukundisokoneza," anatero. Tsiku lomwelo anatchinga chigawo chija ndi lona.

Masiku otsatirawo anali owawa kuposa chingwe. Thupi lonse linali litaphwanyika, ndipo nesi anawagoneka osawalola kutuluka. A Lumo ankabwera kudzawameta ndevu ndi kudzawawonjezera nkhawa. "Ine ndamva kuti wajambula pogwa paja, alamu. Inu muli gada, nsapato kumwamba. Akuti ndi pamene panaoneka bwino." A Nangula ankawatukwana, koma mtima sunkakhazikika. Mayi uja amajambula chimene waona, ndipo kugwako anakuona.

Uthenga unabwera kuti lona achotsa. Anapita onse atatu, a Lumo akukankha mpando. Atatsala pang'ono kufika, a Nangula anaimitsa, nadzuka, nayenda ndi ndodo mtunda wotsalawo. Anthu anawapatukira.

Nkhalamba ya pamwala ija panalibe. Panali mzere wa amuna okalamba, aakulu kuposa anthu enieni, atatsamira chambuyo onse mofanana, zidendene zitalima mchenga. Mkulu wa mpingo anali ndi tayi yake itaulukira paphewa. Khoka sanalijambule, poti sanalione. Chingwe chinangoyenda mpaka pomwe khoma lathera, ndipo kupitirira apo inali nyanja yeniyeni, moti munthu akaima pamsewu ankaona ngati nkhalambazo zikukoka madziwo. Kumapeto kwa chingwe kunali iwo. Anali ataimirira, mutu uli m'mbuyo, pakamwa popotoka pali yasa, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Dzanja lamanzere linali lende, lowonda, zala zitapindika.

Nesi anasendera kwa wojambula, nanong'ona. "Mayi, dzanjalo simungalikonze pang'ono? Ligwireko chingwe."

Wojambula anayang'ana mwini dzanja.

"Lisiyeni," anatero a Nangula. "Linalipo."

Anayandikira khomalo, akuyang'ana pang'onopang'ono kuyambira kumapazi. Atafika pamsana anaima. Kumbuyo kwawo, m'mphepete mwenimweni mwa chithunzicho, kunali manja awiri a munthu wamkazi, otambasula, wotchi yaing'ono ili pamkono. Nkhope panalibe, manja okha. Nkhawa inawagwira. Tsiku lija sanamve kalikonse pamsana, koma munthu akamakoka samva zambiri. Ngati anachita kuwachirikiza, ndiye kuti sanaime, ndipo khoma lonseli likunena bodza lokoma.

Anatembenukira mwana wawo. "Unandigwira?"

"Sindinakukhudzeni, Bambo."

"Usandinamize ngati wodwala."

"Ndinkafuna. Mulungu akudziwa kuti ndinkafuna. Koma sindinakukhudzeni mpaka munagwa."

"Yang'anitsitsani, bambo," anatero wojambula. "Akadakugwirani ndikadajambula akukugwirani."

Anasendeza nkhope pafupi. Pakati pa zala za manjawo ndi malaya awo panali mpata, waung'ono, woti chala chimodzi n'kulowa, ndipo mumpatamo munkaoneka kuwala kwa thambo. Anaikapo chala chawo. Utoto unali utauma. Anakhala choncho nthawi yaitali.

Misozi inatsika mbali zonse ziwiri, yamoyo ndi yakufa yomwe, ndipo sanaipukute. Anali okondwa, ndipo sanasamale kuti msika wonse ukuona. Anaitana mwana wawo ndi dzanja, namugwira paphewa, ndodo n'kugwera pansi.

"Mwanawe, tsiku langa likadzafika usadzavutike ndi mwala wapamanda," anatero, mawu akutuluka limodzilimodzi koma onse omveka. "Kumeneko ndizikangogona. Woimirira ndamusiya pano."